Buku lotsekeredwa m'dirowa ya a manijala

Ndisanayambe kulalata, ndiulule kaye tchimo langa. Mwezi wathawu ndidakadya nkhuku yaulere. Adandiitana kunyanja, m'boma la Mangochi, kuti ndikalakatule ndakatulo potseka msonkhano wa masiku atatu. Ife atolankhani oyenda patokha, opanda ofesi ngakhale mpando, sitifunsa kawiri tikamva kuti kuli chakudya ndi alawansi. Msonkhanowo udali wophunzitsa eni mahotela, maloji ndi malesitilanti kalembedwe ka ndondomeko zosamalira antchito awo. Akuluakulu a mataye adayankhula Chingerezi chothyakuka, m'manja mudaombedwa, zithunzi zidajambulidwa.

Usiku wotsiriza, cha m'ma 11 koloko, ndidaona mnyamata yemwe adatipatsa tiyi m'mamawa akutolerabe mabotolo pa bala.

"Achimwene, kodi inu simuweruka?" ndidamufunsa.

"Timaweruka alendo akagona, bwana."

"Nanga buku la malamulo a pantchito pano mudaliwonapo?"

Adayang'ana uku ndi uku, kenaka n'kunong'ona. "Ati lilipo. Limakhala m'dirowa mwa a manijala. Limatuluka tsiku lochotsa munthu."

Amangwetu, nkhuku ija idandiwawa kukhosi. Masiku atatu athunthu takhala tikukamba za antchito, koma mwa onse amene ankatiphikira, kutiyalira ndi kutitsukira zimbudzi, palibe ndi mmodzi yemwe amene adaitanidwa kuti akhale pansi anenepo zake. Tinkameta munthu mwini mutu kulibe.

Mfundo yanga ndi imodzi basi. Buku la malamulo a pantchito limene wantchito sadaliwerengepo, lolembedwa m'chinenero chimene sachimva, lomanga iye yekha osamanganso bwana, limenelo ndi chikoti chokutidwa ndi chikuto chokongola. Mabuku otere adzaza m'malo athu ogona alendo. Ukatsekula upeza mndandanda wa zoletsa: usachedwe, usadye chakudya cha alendo, usayankhe bwana, usagwire foni. Funafuna tsamba lonena za ovataimu, za tchuthi, za komwe ungakadandaule. Upeza pepala loyera.

Komatu malamulo a dziko lino sadagone. Gawo 31 la malamulo aakulu a 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo, motetezeka, ndi kulandira malipiro oyenera. Lamulo la za ntchito la 2000 lidamasulira zimenezi momveka bwino. Wolemba ntchito apereke kalata yofotokoza za ntchitoyo ndi malipiro ake. Maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata. Opyola pamenepo ndi ovataimu, ndipo ola lililonse lilipidwe ngati ola limodzi ndi theka, koma likagwa pa tsiku lopuma kapena la holide lilipidwe kawiri. Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pa chaka. Mayi woyembekezera ali ndi masabata 8 a tchuthi cholipidwa kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kuyambira 2021 bambo nayenso ali ndi masabata awiri mwana akabadwa. Munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso asanapatsidwe mpata woyankhapo pa mlandu wake. Lamulo la penshoni likuti bwana aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Zonsezi si mphatso ya bwana wachifundo ayi. Ndi ngongole.

Tsono tandiuzani, inu amene mumakonda kukapuma ku Salima, ku Chembe kapena ku Nkhata Bay pa Khrisimasi: ndi aweyitala angati amene amadziwa zimenezi? Ndipo ndani amapindula akakhala osadziwa?

Sindikunena za kumaloto. Mlongo wanga wa kwa mayi aang'ono adagwira ntchito yokonza m'zipinda pa loji ina kwa zaka 6. Zaka zonsezo ankamutchula waganyu. Kalata sadapatsidwe, malipiro ankalandirira m'manja popanda kapepala kalikonse. Thaulo likasowa ankadula onse a m'zipinda, osafunsa n'komwe kuti kodi mlendo uja sadalilongedze m'chikwama. Mimba itayamba kuoneka, a manijala adamuitana pakhomo la khitchini n'kumuuza kuti alendo achepa, akapume kaye, adzamuitana. Sabata yomweyo padabwera mtsikana wina n'kuvala yunifolomu yake yomwe ija.

Ndidamuuza kuti kuchotsa mayi chifukwa cha mimba ndi mlandu, ndiponso kuti pa milandu yotere ndi bwana amene amayenera kupereka chifukwa chimene adachotsera munthu. Ndidati tiyeni ku leba, zikakanika tikafike kukhoti la Industrial Relations Court. Iye adandiyang'ana ngati ndapenga.

"Achimwene, thiransipoti yake iti? Ndipo akamva kuti ndidasuma, ndani adzandilembenso kunyanja kuno? Mabwanawa amadziwana."

Ndidasowa chonena. Lamulo lilipo, koma limakhala kutali, pamene njala imagona pamphasa pomwepo. N'chifukwa chake ndikuti nkhondo yeniyeni ili m'buku la pamalo pantchito. Lamulo la dziko likapanda kutsika n'kudzakhala pakhoma la khitchini, kwa mlongo wanga lili ngati mwezi: amauona, sangaugwire.

Ndikudziwa zimene eni malowa ayankhe, ndipo sindikuwatenga ngati afiti. Adzati bizinesi yavuta. Zoona. Mliri wa Covid-19 udasiya zipinda zili mbee mu 2020. Ndalama ya kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Jenereta imamwa dizilo ngati chidakwa. Alendo amabwera mwa nyengo, mwezi uno chipwirikiti, mwezi wamawa zii. Adzatinso antchito ena ndi akuba, amazembetsa nyama ndi mowa. Zimenezonso n'zoona.

Koma pepala limodzi lolembapo dzina la munthu, ntchito yake, maola ake ndi malipiro ake limafuna madola angati? Lamulo limalola kulemba munthu kwa nthawi yoikika. Ngati mukumufuna miyezi itatu yokha, lembani choncho, asainire akudziwa. Chimene ndikukana n'chakuti munthu akalambire pa sinki akutchedwa waganyu. Za kuba nazo, ndondomeko yabwino imateteza bwana yemwe. Mukamugwira wakuba, n'kumulembera mlandu wake, n'kumumva pamaso pa mboni, palibe khoti limene lingakuvuteni. Amene amaluza milandu ndi aja ochotsa munthu ndi chala, ati "usadzapondenso pano." Ndipo paja lamulo limaletsa kulipitsa wantchito chindapusa, limangolola kudula ndalama zobwezera katundu amene iye waononga. Kudula anthu 10 chifukwa cha mbale imene yaswedwa ndi mmodzi, kumeneko n'kuba kovala taye.

Pali nkhani ina imene timaiyankhula chonong'ona. Atsikana a pa bala ndi a m'zipinda amagwiridwagwiridwa ndi alendo oledzera, ena amaitanidwa ku ofesi usiku kuti akakambirane za kukwezedwa. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limatcha khalidwe limeneli mlandu, ndipo limafuna kuti malo antchito akhale ndi njira yothana nalo. Nanga njira yake ndi iti ngati buku likuti madandaulo onse apite kwa a manijala, pamene a manijala omwewo ndiwo fisi? Mbuzi ikasume kwa fisi?

Kwa amene akufunadi kulemba ndondomeko, osati kungokadya alawansi monga ndidachitira ine, njira yake si yautali. Yambani ndi kukhala pansi ndi ophika, alonda, ochapa ndi aweyitala, muwafunse pamene nsapato ikuwathina. Mutu umodzi susenza denga. Lembani zochepa, zomveka. Masulirani m'Chichewa, m'Chiyao ku Mangochi, m'Chitonga ku Nkhata Bay, m'Chitumbuka ku Mzuzu. Muwerengereni wantchito tsiku loyamba, mumupatse kope lake, lina mulipachike pamene onse amadyera. Mashifiti alembedwe sabata isanayambe. Malipiro aliwonse azibwera ndi kapepala koonetsa zimene zadulidwa. Kandalama kothokoza kamene alendo amasiya kadziwike kagawidwe kake. Wodandaula akhale ndi zitseko ziwiri zogogoda, kuti china chikakhala cha fisi alowere chinacho. Antchito akafuna kulowa bungwe lawo, asiyeni. Lamulo la 1996 lidawapatsa ufulu umenewo. Ndipo tsamba lililonse lonena zimene wantchito achite likhale ndi linzake lonena zimene bwana achite.

Nafenso ogula nyuzi inoyi tisadziyeretse. Ndife amene timaliza zala poitana weyitala, kumutchula "iwe" bambo wa ana anayi, kumukalipira chambo chikachedwa ngati ndiye adapita kukachivuula. Timafunsa ngati m'chipinda muli madzi otentha ndi intaneti. Mabungwe amene amachititsa misonkhano kunyanja chaka ndi chaka amafunsa mtengo wa chipinda ndi kukula kwa holo. Tsiku limene adzayambe kufunsa ngati antchito a pamalopo ali ndi makalata, madirowa adzatsekuka okha, chifukwa bwana amamva msanga ndalama ikayankhula.

Dziko lino timalitsatsa kunja kuti ndi mtima wofunda wa Africa. Chimene mlendo amalipira kwenikweni ndi kumwetulira kwa mnyamata uja wa pa bala, amene amaimirira kuyambira m'bandakucha mpaka pakati pa usiku. Katundu wamtengo chonchi mwini wake alibe ngakhale kalata! Makolo adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wantchito ndiye amatsala, ndipo mawa ndiyenso adzalandire mlendo wina.

Mlongo wanga adabereka mwana wamkazi. Pano akugulitsa mandasi pa depoti, akudikirabe kuitanidwa kuja. Ine ndakatulo ija ndidalakatula, m'manja adandiombera, envulopu ndidalandira. A manijala, tsekulani dirowa.