Ntchito ya code tinaiyamba ndife, asatichotsenso kachiwiri

Amayi anzanga, atsikana, ndi inu abambo amene mumawerenga mwakachetechete pano, lero tikambe za makompyuta.

Mwana wamkazi akati akufuna kuphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta, ambirife timayankha kuti, "Iii, zimenezo ndi za anyamata." Koma mbiri ikukana. Mu 1843, Ada Lovelace wa ku England analemba ndondomeko yoti makina a Charles Babbage azitsatira powerengera, ndipo ambiri amati imeneyo ndiyo pulogalamu yoyamba kusindikizidwa. Mu 1945 ku America kunali ENIAC, chikompyuta chodzaza chipinda chonse. Amene ankachilembera malamulo ogwirira ntchito anali amayi 6, koma tsiku lochionetsa kwa atolankhani mu 1946, mayina awo sanamveke. Ntchito ya Grace Hopper ndiyo inatsegula njira ya COBOL, chilankhulo cha makompyuta cha mu 1959 chimene mabanki ambiri akugwiritsabe ntchito. Margaret Hamilton anatsogolera gulu lolemba mapulogalamu a chombo cha Apollo 11 chimene chinafikitsa anthu kumwezi mu 1969.

Nanga zinatani kuti lero tizioneka ngati alendo? Poyamba ntchitoyi inkaonedwa ngati ya ukalaliki: abambo apange makina, amayi "angolowetsamo" malamulo. Ndalama zitayamba kununkhira, nkhani inasintha. Ku America, mu 1984, mwa anthu 100 alionse otenga digiri ya sayansi ya makompyuta, 37 anali akazi. Patapita zaka, chiwerengerocho chinatsika mpaka pansi pa 20. Makompyuta a m'nyumba atayamba kugulitsidwa, ankawatsatsa ngati zoseweretsa za anyamata. Zimenezi ife sitikuzimva koyamba. Kumunda wa fodya mayi amafesa, amapalira, amasoka, koma tsiku la kuokushoni amakwera lole ndi bambo.

Ndikukumba zakalezi chifukwa ntchitoyi ikusinthanso, ndipo ikasintha ndi pamene ena amatsala. GitHub Copilot inatuluka mu 2021, ChatGPT mu November 2022. Zida za AI zimenezi umangozifotokozera zimene ukufuna, n'kukulembera code pompopompo. Tintchito timene kale ankapatsa wongoyamba kumene, monga kukonza tizolakwika ting'onoting'ono, kulemba mayeso a pulogalamu kapena kupanga tsamba losavuta, lero katswiri mmodzi atha kutimaliza tiyi asanazizire. Bwana akaona zimenezo amayamba kufunsa kuti, "Wongoyamba ndimulemberenji?"

Apa ndi pamene pali mantha anga. Tintchito timeneti ndiye makwerero. Mukachotsa sitepe ya pansi, wovutika si amene ali kale pamwamba. Ndi mtsikana amene anagwira kompyuta koyamba ku koleji chifukwa laputopu ya kunyumba inali ya achimwene. Ndi mayi amene anapuma zaka ziwiri kulera mwana, ndipo pobwerera wapeza zida zonse zasintha.

Ena ati, "Koma AI yomweyo ikuthandiza aliyense." Sindikutsutsa. Mtsikana wa ku Mzuzu atha kufunsa ChatGPT funso limodzi kakhumi usiku, popanda mnyamata womuseka m'kalasi. Chimenecho ndi chinthu chachikulu. Koma pafunika bandulo, pafunika magetsi, pafunikanso nthawi, ndipo tikudziwa amene amatsuka mbale ena akakhala pa laputopu. Chinanso, AI imalakwitsa, ndipo imalakwitsa molimba mtima. Pafunika munthu wodziwa kuwerenga code n'kuona pamene pabisala vuto. Luso limenelo munthu amalipeza pantchito, pafupi ndi womuwongolera. Osalembedwa ntchito alipeza kuti?

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya olemba code okha. Mu 2018 zinadziwika kuti kampani ya Amazon inasiya pulogalamu yake yosankha ma CV chifukwa inkatsitsa ma CV okhala ndi mawu osonyeza kuti mwiniwake ndi wamkazi. Inaphunzira kuchokera ku ma CV a zaka 10, ambiri a amuna. Chaka chomwecho, Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anayesa mapulogalamu oona nkhope n'kunena ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi. Pa amuna oyera khungu ankalakwitsa osakwana kamodzi pa 100. Pa akazi akuda ngati ife, ena ankalakwitsa pafupifupi ka 35 pa 100. Makina amakula ndi zimene ayamwitsidwa. Ndipo onani amene anatulukira vutolo: akazi akuda awiri, chifukwa anali m'chipindamo.

Kwathu kuno ndalama za banki m'khonde zikuyenda pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo kuchipatala mbiri ya wodwala ikulowa m'kompyuta. Kuseri kwa zonsezi kuli munthu amene anasankha zoti pulogalamu izifunsa chiyani, izikana ndani. Tikapanda kukhalapo, ena atisankhira. Rachel Sibande atakhazikitsa mHub ku Lilongwe anaonetsa kale kuti mutu tili nawo.

Ndiye pempho langa ndi ili.

Mabwana a makampani ndi mabungwe, musatseke khomo la ongoyamba. Lembani atsikana, apatseni zida za AI, muwapatsenso munthu wowerenga nawo code. Misonkhano yofunika izichitika masana, osati kumowa usiku. Ndipo mtsikana amene munamulemba ngati wolemba mapulogalamu asasanduke wolemba maminitsi ndi wogawa tiyi.

Abambo, mkazi wanu akamagwira ntchito ya pa intaneti ali kunyumba, ali pantchito. Si kuti "ali pakhomo, angophika."

Makolo, m'mera mpoyamba. Laputopu ikakhala imodzi, ikhale ya ana onse, ndipo mbale nazo zikhale za ana onse.

Iwe mtsikana amene wayamba Python kapena JavaScript, gwiritsa ntchito AI, usachite nayo manyazi. Koma mzere uliwonse umene yakulembera uziuwerenga mpaka uumvetse. Ika ntchito zako pa GitHub m'dzina lako lenileni, kuti mawa wina asadzati anapanga ndi iyeyo. Amayi a ENIAC anadikira zaka zoposa 50 kuti alemekezedwe. Iwe usadikire.

Amayi amene muli kale m'ntchitoyi, tiuzeni: anakutsegulirani khomo ndani, nanga inu chaka chino mutsegulira ndani?