Kaunjika inde, nsanza ayi

Funsani mayi aliyense amene wakhalitsa pa geni ya kaunjika, kaya ku Tsoka mumzinda wa Lilongwe, kaya ku Limbe, kaya pamsika wa kwanu uja umakumana kamodzi pa sabata, akuuzani mawu amodzi omwewo: mabelo a masiku ano si aja akale. Kale munthu ukadula mawaya a belo unkapezamo jinzi yoti mwana wako woyamba avale mpaka imuthine, kenako mng'ono wake nkulandira idakali yolimba. Lero belo lakwera mtengo kangapo, koma zotulukamo ndi timalaya topyapyala tophwetheka m'khosi, madilesi omasuka ulusi m'khwapa, majuzi otupa timibulu ngakhale sanaone madzi a kuno. Belo amagula lili lomata, ndipo kubweza kulibe. Eni akewo amati ndi juga. Likakhala loipa, ngongole ya ku banki m'khonde siyimva zoti belo linali loipa.

Vutoli silinayambire ku Limbe. Linayambira m'masitolo a ku London, Madrid ndi New York, kumene makampani monga Zara, H&M ndi Primark anazoloweza anthu kuti chovala ndi cha milungu yochepa, osati cha zaka. Pambuyo pake kunabwera Shein, imene imaponya masitayelo atsopano zikwizikwi pa intaneti tsiku lililonse pamtengo wozizira. Pakati pa 2000 ndi 2014 chiwerengero cha zovala zosokedwa padziko lonse chinawirikiza kawiri mpaka kupitirira 100 biliyoni pachaka, pamene anthu ovalawo sanachuluke choncho. Lipoti la Ellen MacArthur Foundation la 2017 linapeza kuti pa nsalu zonse zimene zimalowa m'zovala, zimene zimabwezeretsedwa nkukhalanso chovala chatsopano sizikwana ndi 1 peresenti yomwe. Chovala chosokedwa kuti chivalidwe kasanu sichingasinthe khalidwe chifukwa chakwera sitima yapamadzi. Chikafika pa Beira kapena pa Dar es Salaam chimakhala chitatha kale, ndipo chimene tikugula ife ndi masiku ake otsiriza.

Kutchipa kumeneku kuli ndi amene amakulipira. Pa 24 Epulo 2013 nyumba yosanja ya Rana Plaza, kufupi ndi Dhaka ku Bangladesh, inagwera anthu osoka zovala za makampani a kumayiko olemera. Anafa ndi anthu 1,134, ambiri mwa iwo amayi ndi atsikana. Ming'alu inali itaoneka dzulo lake, koma anawauza kuti abwerere pamakina chifukwa maoda sadikira. Uko ndi kumutu kwa nkhaniyi. Ife tili kumchira kwake, ndipo kumchira nako kuli malipiro ake.

Amene akufuna kuona kumene tikulowera ayang'ane ku Ghana. Pamsika wa Kantamanto mumzinda wa Accra pamafika zovala pafupifupi 15 miliyoni sabata iliyonse. Bungwe la Or Foundation, limene limagwira ntchito ndi amalonda a pamsikawo, limati pafupifupi 40 peresenti ya zovalazo imathera kudzala. Amalonda ena amatsutsa chiwerengerocho, amati nchokokomeza, ndipo ali ndi ufulu wotero. Chimene palibe angatsutse ndi zimene maso akuona: nsanza zopotana zotseka ngalande, zodzaza damu la Korle, zokoledwa m'maukonde a asodzi m'mphepete mwa nyanja. Ku Chile, m'chipululu cha Atacama pafupi ndi Alto Hospicio, kunaunjikana phiri la zovala zotayidwa lalikulu moti linkaoneka pazithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ife makhonsolo a mizinda yathu akulephera kale kutola ndi zinyalala wamba zomwe. Nsanza zotsala pamsika zimathera mu Mudi ndi mumtsinje wa Lilongwe, kapena zimatenthedwa madzulo kuseri kwa mabenchi.

Mukadutsa pamene akutentha nsanzazo, tamverani fungo lake. Thonje likapsa limasiya phulusa. Koma nsanza izi zimasungunuka, zimadontha, zimatulutsa utsi wakuda wotsamwitsa, chifukwa ndi pulasitiki. Poliyesitala, amene tsopano ndi woposa theka la ulusi wonse wopangidwa padziko, amachokera ku mafuta a pansi omwe aja amatipatsa petulo ndi majumbo. Sawola. Ukamamuchapa amathothoka tizidutswa tosaoneka ndi maso timene timapita m'madzi, madzi omwewo amene chambo ndi usipa zimakhalamo. Dziko lino linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, khoti lalikulu la apilo nkutsimikiza chiletsocho mu 2019, ndipo tinakangana zaka zambiri pa nkhani ya majumbo. Nthawi yonseyo pulasitiki wina amalowa pa Mwanza, pa Dedza ndi pa Songwe atavala maonekedwe a bulauzi, popanda womufunsa.

Ena akamva zimenezi amathamangira kunena kuti ndiye tiletse kaunjika. Ine ndikukana, ndipo ndikukana mwamphamvu. Amene amanena zimenezo kawirikawiri ndi anthu oti sanayambe aima pamulu wa zovala nkumawerenga makobidi kuti aone ngati angakwanire juzi ya mwana Juni asanafike. Kwa mlimi wa ku Dedza kapena mlonda wa ku Ndirande, kaunjika ndiye wachotsa usiwa. Wadyetsa mabanja osawerengeka, kuyambira woitanitsa mabelo mpaka mnyamata woyenda ndi mathalauza paphewa, ndi telala amene amachepetsa zazikulu. Masitolo a DAPP agwiritsa ntchito ndalama za kaunjika yemweyo pothandizira makoleji aaphunzitsi monga ya ku Chilangoma. Komanso, tinene zoona, kuvala chovala chimene wina anasiya chidakali chabwino ndi njira imodzi yanzeru kwambiri yosamalira dziko, yoposa kugula chatsopano chotchipa cha pulasitiki chochokera ku China chimene chimang'ambika pa Khirisimasi pomwepo.

Taonanso zimene zimachitikira dziko laling'ono likayesa kutseka chitseko lokha. Mu 2016 mayiko a kum'mawa kwa Africa anagwirizana zothetsa kuitanitsa kaunjika pofika 2019. Amalonda a ku America anadandaula ku boma lawo, boma lawo linaopseza, ndipo Kenya, Uganda ndi Tanzania anabwerera m'mbuyo. Rwanda inaumirira, inakweza msonkho kuchoka pa masenti 20 kufika pa madola 2.50 pa kilogalamu, ndipo mu 2018 America inaichotsera mwayi wogulitsa zovala zake kumeneko popanda msonkho pansi pa lamulo la zamalonda la AGOA. Nkhani imeneyi imandiwawa chifukwa imaulula poyera chimene ambiri amachibisa ndi mawu okoma. Zovalazi amazitcha mphatso, koma ndi malonda, ndipo ndi malonda amene amawapeputsira eni ake mtolo wotaya zinyalala zawo. Munthu sakulanga chifukwa wakana mphatso.

Ndiye chimene ndikupempha si chiletso. Ndikupempha kuti tisiyanitse chovala ndi nsanza, ndipo tisiyanitse pachipata. Bungwe loona za miyezo la MBS limayeza mafuta ophikira, simenti ndi mchere. Liyezenso mabelo. Woitanitsa alembe poyera giredi ya belo, ndipo likapezeka lodzaza zosavalika, udindo ukhale wake, osati wa mayi amene wakongola ndalama kuti aligule. Ku France makampani a zovala akhala akulipira kandalama pa chovala chilichonse chimene agulitsa, kothandizira kutolera ndi kusamalira zovala zikatha ntchito. Kuyambira Januwale 2025 mayiko a European Union akuyenera kutolera nsalu zotayidwa padera, kutanthauza kuti milu yofuna kopita ikula. Ngati chovalacho chikudzafera ku Blantyre, ndalama yosamalira imfa yake ifike ku Blantyre. Amalonda a ku Kantamanto akhala akunena zimenezi mokweza. Nthumwi zathu zikamapita kumisonkhano ya zachilengedwe zikaime nawo pamodzi, Malawi asasanduke dzala laulere la anthu amene ali ndi ndalama zolipirira dzala lawo.

Koma sitingaloze chala kunja kokha. Pali chizolowezi china chimene chakula pakati pa ife a m'tauni amene tili ndi kangachepe, ndipo nchopangidwa ndi manja athu. Chinkhoswe, yunifolomu. Phwando lolangiza mkwatibwi, yunifolomu ina. Ukwati weniweniwo, ina. Kuika chiliza, ina. Msonkhano wa amayi kutchalitchi, ina. Uthenga umabwera pa WhatsApp kuti mtundu wa tsikulo ndi wakuti, ndipo munthu amene mwezi uno sanalipire fizi amathamanga kukasaka nsalu ya mtunduwo poopa kuoneka wotsalira pachithunzi. Dilesilo likavalidwa tsiku limodzi nkuoneka pa Facebook, latha ntchito, ati anthu analiona kale. Analiona kale, ndiye chalakwika nchiyani? Kodi tinayamba liti kuchita manyazi ndi chovala chaukhondo chifukwa choti tinachivalapo? M'masutikesi ambiri m'Area 25 ndi ku Chilomoni mwagona madilesi abwinobwino ovalidwa kamodzi, pamene eni ake akudandaula kuti ndalama sizikuoneka kolowera.

Chodabwitsa nchakuti nzeru imene azungu akuiphunzitsa lero m'masemina, ife tinabadwira momwemo. Taganizani za moyo wa chitenje m'manja mwa mayi wa kumudzi. Chimayamba ndi cha kutchalitchi ndi kumaliro. Chikayamba kufwifwa chimakhala cha pakhomo ndi kumunda. Chimabereka mwana, chimamanga katundu wa kuchigayo, chimapindidwa nkukhala nkhata. Chikang'ambika chimadulidwa matewera, ndipo kachidutswa kotsiriza kamaphulira mphika pamoto. Palibe ulusi umene umatayidwa usanagwire ntchito. Pakhonde la sitolo iliyonse panali telala ndi makina ake opalasa ndi miyendo, wotembenuza kolala yoperepeseka, wosintha zipi, woika chigamba pabondo mwaluso moti umachita kuyang'anitsitsa kuti uchione. Matelalawo alipobe, koma ana athu taphunzitsa kuti chigamba ndi chizindikiro cha umphawi. Mwana amakana kabudula wosokedwa, kholo nkupita kukagula wina wotchipa amene sadzafika kumapeto kwa teremu.

Masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze malaya a K5,000 amene atha mutawavala kasanu: tsiku lililonse mwalipira K1,000. Malaya a K20,000 a thonje lenileni, osokedwa bwino, amene muvale maulendo 100, akudyerani K200 patsiku. Ndikudziwa kuti si aliyense angatulutse K20,000 nthawi imodzi, ndipo sindikudzudzula amene sangathe. Ndikunena ndi inu amene mungathe, koma mumasankha kugula zisanu zosalimba m'malo mwa chimodzi cholimba. Ngakhale pamulu wa kaunjika, kusankha kulipo. Tembenuzani chovalacho muone msoko wamkati. Kokani pang'ono muone ngati ulusi ukulekana. Chiyang'anitseni kudzuwa. Werengani kansalu kam'mbali kaja kamene kamanena kuti ndi thonje kapena poliyesitala. Amayi athu ankachita zimenezi asanatulutse tambala, ndipo wogulitsa ankadziwa kuti kasitomala wotere samunamiza.

Chimene chimandipweteka koposa ndi thonje lathu. Mlimi wa ku Chikwawa, Nsanje, Balaka kapena Salima amalima thonje padzuwa lootcha, kupopera mankhwala, kutola ndi manja. Lambiri mwa thonjelo limangochotsedwa njere nkutumizidwa kunja lili laliwisi, ndipo mlimiyo amavala tisheti ya pulasitiki yolembedwa dzina la sukulu ya ku Ohio. Panali nthawi imene fakitale ya David Whitehead & Sons ku Blantyre inkalemba anthu zikwi, ikupota ulusi, kuluka nsalu ndi kudinda zitenje zimene Amalawi ankazinyadira. Inafooka msika utatsegulidwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2003 inagulitsidwa kwa a Mapeto. Anzathu a ku Zambia, kumene kaunjika amamutcha salaula, anaona zofanana pamene Mulungushi Textiles ya ku Kabwe inaima. Kaunjika yekha si amene anapha mafakitalewa. Magetsi osadalirika, makina okalamba ndi nsalu zozembetsedwa zinathandizira. Koma zotsatira zake nzakuti timagulitsa thonje motchipa nkugula nsanza modula, ndi ndalama zakunja zomwe timasowa pogula mankhwala ndi feteleza.

Mu 2016 boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi, ndipo ogwira ntchito m'boma analimbikitsidwa kuvala zakwathu Lachisanu lililonse. Maofesi anakongola, matelala anapezako ntchito, ndipo zimenezo nzoyamikika. Koma yang'anani m'mphepete mwa nsalu zambiri za Lachisanuzo muone kumene zinadindidwa. Telala ndi wathu, nsalu ndi ya eni. Pomwe boma lili ndi mphamvu yeniyeni si pa Lachisanu ayi, ndi pamaoda ake. Apolisi, asilikali, anamwino, oyang'anira ndende, akaidi, mabedi a m'zipatala, onsewa amafuna nsalu chaka ndi chaka, ndipo ana a sukulu mamiliyoni amavala yunifolomu. Oda yotsimikizika ya zaka zingapo ndi imene ingachititse mwini fakitale kugula makina atsopano, ndi mlimi kubwerera ku thonje ali ndi chikhulupiriro choti wogula alipo. Zipani nazo, zimene zimagawa nsalu zamitundu yawo mitandamitanda nyengo ya kampeni iliyonse, zitiuze kumene zimadinditsa. Aphungu athu akakumana ku Nyumba ya Malamulo, mmodzi aimirire afunse a nduna a zamalonda funso ili, ndipo yankho lake lilembedwe: pa nsalu zonse zimene boma lagula ndi misonkho yathu chaka chathachi, ndi mamita angati amene analukidwa ndi thonje la m'Chigwa cha Shire?