Kafukufuku wa ku Thyolo: Asindikizidwe kuti?

Boma la Thyolo limadziwika ndi minda ya tiyi monga Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba, koma nakonso kuli anthu ambiri ochita kafukufuku. Ku Bvumbwe kuli malo ofufuzira zaulimi, ku Ndata kuli sukulu yaukachenjede ya MUST yomwe idatsegulidwa mu 2014, pomwe ku Mimosa m'boma loyandikana nalo la Mulanje kuli bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa lomwe limapanga mitundu yatsopano ya tiyi.

Akamaliza ntchito, onsewa amatsala ndi mutu umodzi: zomwe apeza azitumize ku magazini iti ya akatswiri? Nkhaniyi si yamasewera chifukwa mphunzitsi wa payunivesite savomerezedwa kukwera paudindo popanda zolemba zosindikizidwa, ndipo ophunzira ambiri a digiri yachiwiri ndi yachitatu amauzidwa kuchita chimodzimodzi.

Magazini yeniyeni simathamanga. Mkonzi akalandira zolemba amazipereka kwa akatswiri awiri kapena atatu kuti azisefe, ndipo izi zimatenga miyezi. Nthawi zambiri zimabwezedwa kuti zikonzedwe, mwinanso kukanidwa kumene.

Apa ndi pomwe akathyali adapezerapo msika. Amatumiza makalata pa intaneti olonjeza kusindikiza m'masiku owerengeka bola munthu alipire madola. Mu 2013 mtolankhani John Bohannon adawayala pambalambanda m'magazini ya Science. Iye adalemba dala kafukufuku wabodza wa mankhwala a khansa, wodzadza ndi zolakwika, n'kumutumiza ku magazini 304. Mwa iwo, 157 adamuvomera. Chowawa n'choti maina a olemba ndi a sukulu zomwe adapeka adali omveka ngati a muno mu Africa. Wogwa mumsamphawu amataya ndalama, ndipo mayunivesite ambiri sawerengera zolemba zotere pokweza munthu.

Koma kuthawira ku magazini otchuka nakonso kuli ndi minga yake. Mu 2021 magazini ya Nature idayamba kulipiritsa mayuro 9,500 kwa wofuna kuti zolemba zake aliyense aziwerenga ulele. Magazini ena salipiritsa wolemba koma owerenga, ndiye kafukufuku wa matenda a tiyi wochitikira ku Thyolo amakathera m'malaibulale a ku London, mlangizi wa zaulimi wa ku Thekerani osamuona n'komwe.

Thyolo yomweyo ili ndi chitsanzo cha kusankha bwino. Madokotala a Médecins Sans Frontières ndi anzawo a unduna wa zaumoyo ataona kuti anamwino ndi alangizi a zaumoyo angathe kuthandiza kufikitsa ma ARV kumidzi, adalemba zimenezi mu 2010 m'magazini ya Tropical Medicine & International Health. Sadathamangire dzina lalikulu. Adapita kumene kumawerenga anthu olimbana ndi matenda m'maiko osauka, omwe akadatha kutengerapo phunziro.

Njira zosefera zilipo ndipo n'zaulere. Pa intaneti pali kaundula wa DOAJ, yemwe adayamba mu 2003 ndipo amalemba magazini owerengedwa ulele omwe adaunikidwa, komanso African Journals Online komwe kumapezeka magazini a muno mu Africa monga Malawi Medical Journal. Magazini yomwe siikutchula akonzi ake, kapena yobisa mtengo mpaka zolemba zitavomerezedwa, n'njokayikitsa.

Nkhaniyi ikukhudzanso makolo, poti kawirikawiri ndiwo amagulitsa mbuzi kapena nthochi mwana akati kusukulu akufuna ndalama zosindikizira. Kholo silisowa digiri kuti lifunse mwanayo dzina la magaziniyo, ngati aphunzitsi ake aivomereza, komanso kuti idatenga nthawi yaitali bwanji isadayankhe. Ngati yankho lili loti masiku atatu, mbuziyo iyambe yakhala m'khola.