Akuti sanamalize kujambula

Pali mawu omwe anthu sachedwa kulavula akaona nkhope ya mayi yojambulidwa ndi inki m'mizere yowerengeka: "Sanamalize." Wina amathira ndemanga yoti ngakhale mwana wa Sitandade 2 akhoza kutero. Mawuwa amandiwawa, makamaka akamanenedwa pa ntchito za Henri Matisse, Mfalansa amene anamwalira ku Nice mu 1954. Atakalamba, mkuluyu ankaviika burashi mu inki yakuda n'kujambula nkhope za akazi, monga Lydia Delectorskaya yemwe ankamuthandiza ntchito. Mzere umodzi wa chibwano, nsidze yotsetsereka n'kusanduka mphuno, maso awiri, milomo, basi. Tsaya ankalisiya pepala loyera.

Matenda athu ndi akale: chithunzi timachiyesa chitupa. Timafuna makutu onse awiri aoneke ngati pa chiphaso cha unzika chija tinachiimira pamzere mu 2017, chomwe, tinene zoona, ndi nkhope zochepa zimene zinatulukapo zikufanana ndi eni ake. Komatu munthu sitimuzindikira powerenga ziwalo. Taimani pagombe lililonse kuno kwa Malenga Chanzi m'mawa asodzi akamakocheza. Mayi wosenza beseni la usipa akali kutali, nkhope sinayambe kuoneka, ana ake afuula kale kuti amayi akubwera. Aona chiyani? Kupendekeka kwa khosi, phewa lotsika mbali imodzi, kaponyedwe ka mwendo pamchenga. Zimenezo ndizo Matisse ankasaka, zotsalazo n'kuzisiya.

Tibwerere kwa mwana wa Sitandade 2 uja. Iye amajambula zochepa chifukwa luso lake lalekeza pomwepo, pamene Matisse ankasiya dala zinthu zomwe ankatha kuzijambula. Ndiponso inki si pensulo yoti n'kufufuta ndi labala. Dzanja likangonjenjemera, pepalalo lapita. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano wosadekhayo ndi woonerayo. Chondinyansa kwambiri n'chakuti ife ndiye sitinayenere kudabwa. Makolo athu anasiya zithunzi za dothi loyera m'mapanga a Chongoni ku Dedza, zina zokhudza chinamwali, zomwe UNESCO inazilemekeza mu 2006, ndipo palibe amapita kumeneko kukafunsa zala zisanu. Matisse mwiniwakeyo mu 1906 anagula kachosema kamtengo kochokera ku Congo m'sitolo ina ku Paris, nakaonetsa wojambula mnzake Picasso. Azunguwo anakazunguliza m'manja n'kuphunzirapo kasiyidwe ka zinthu, ife kuno tikadali kalikiliki kufunsa komwe kwapita khutu lachiwiri.