Tibzale zochita maluwa mvula italeka

Aliyense amene amapita ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti kukaonerera mwambo wa Achewa wa Kulamba amadziwa mmene dziko limaonekera nthawi imeneyo: minda ili mbee, udzu wapsa, fumbi lili koboo mumsewu. Tinazolowera kuti chilimwe ndi chotero basi. Koma kuuma kumeneku mbali ina timakupanga tokha, chifukwa pafupifupi zonse zimene timabzala ku Katete, Sinda ndi Vubwi ndi za miyezi isanu ya dzinja. Chimanga, nsawawa, thonje ndi mpendadzuwa zimamera, kubereka ndi kufa nyengo imodzi. Kuyambira Meyi mpaka mvula yoyamba, munda sudyetsa munthu, chiweto kapena njuchi. Yafika nthawi yoti munda uliwonse, sukulu iliyonse ndi khomo lililonse likhale ndi zomera zokhalitsa zimene zimachita maluwa m'chisanu ndi m'chilimwe.

Zomera zoterozo tili nazo kale. Msangu umayoyola masamba m'dzinja, kotero suphimba chimanga, ndipo masamba akewo amawola n'kukhala manyowa. Mvula ikaleka umaphukira n'kuchita maluwa, kenako nyemba zake zimagwa pamene ng'ombe ndi mbuzi zasowa msipu. Nandolo amakhala zaka zingapo osazulidwa, amachita maluwa mbewu zina zitakololedwa, ndipo amapereka ndiwo pamene dimba lokha ndilo latsala. Gliricidia, amene kwawo ndi ku Central America, amachita maluwa m'chilimwe atayoyola masamba. Akatswiri a bungwe la ICRAF anayamba kuyesa mitengo yobwezeretsa chonde ngati imeneyi ku Msekera, pafupi ndi Chipata, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo bungwe la COMACO lakhala likuifalitsa pakati pa alimi a m'chigawo chino. Pakhomo, mango amachita maluwa cha mu Julayi ndi Ogasiti, pomwe muwale umafiira psuu usanaphukire masamba.

Wina anena kuti maluwa sadyedwa, ndipo banja limene nkhokwe yake ili pululu silingataye mphamvu pa zokongoletsa. Mawuwo ndi omveka, makamaka kwa amene anaona chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale 2024. Koma duwa ndi chakudya cha njuchi, ndipo njuchi ndi antchito a m'munda. Chimanga chimadalira mphepo kuti chibereke, koma mpendadzuwa ndi maungu zimabereka bwino njuchi zikamayendera maluwa ake. Njuchi zikasowa chakudya m'miyezi yozizira zimachepa kapena kuthawa mumng'oma, ndiye dzinja likafika palibe zogwira ntchitoyo. Kale thengo linkazisunga, koma makala ndi kuswa mphanje zaligwetsa m'madera ambiri. Mlimi wobzala zochita maluwa m'chilimwe amateteza zokolola za chaka chamawa, komanso amapeza uchi wogulitsa pa nthawi imene m'thumba mulibe kanthu.

Chodandaula chachiwiri ndicho cholemera kwambiri. Tikangokolola, ziweto zimatayiriridwa kuti zidye paliponse, ndipo osaka mbewa amatentha minda. Kamtengo kakang'ono kakapulumuka kwa mbuzi kamakapsa ndi moto. Izi n'zoona, ndipo ndi chifukwa chake alimi ambiri amene analandirapo mbande anagwa ulesi. Komabe vuto limeneli ndi la malamulo a m'mudzi, ndipo malamulowo ali m'manja mwathu. Dimba timalitchinga chaka chilichonse popanda wotikakamiza, chifukwa timadziwa phindu lake. Nyakwawa ikalamula kuti wotentha munda wa mnzake alipe, ndi kuti mbuzi ziziwetedwa kufikira nandolo atathyoledwa, anthu amamvera. Mafumu monga Kawaza, Mbang'ombe ndi Pembamoyo akhoza kuchita pa nkhaniyi zimene alangizi a zaulimi sangathe paokha.

Enanso amati msangu umachedwa. Zoonadi, pamapita zaka zambiri usanayambe kusintha nthaka mooneka. N'chifukwa chake suyenera kubzalidwa wokha. Nandolo amabereka chaka chomwecho, gliricidia amapereka masamba a manyowa ndi nkhuni patangopita zaka zochepa, ndipo msangu umabwera pambuyo kudzatumikira ana. Chofunika kusamala nacho ndi kutengeka ndi kukongola kokha. Lantana anafalitsidwa m'maiko ambiri ngati duwa la pakhomo, lero walanda malo odyetserako ziweto ndipo amadwalitsa ng'ombe zikamudya. Tisankhe zomera zodziwika ntchito yake, ndipo za m'dziko lathu lino zikhale patsogolo.

Mkaika ndi malo oyenera kuyambirapo. Chaka chilichonse mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana kumeneko kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo zimene aona amakazinena kwawo. Mizere ya misangu, miwale ndi mango yozungulira bwalo la mwambo ingaphunzitse anthu ambiri kuposa misonkhano ya alangizi. Mbande zimafesedwa m'machubu mvula isanagwe kuti zikaokedwe nthaka ikanyowa. Choncho mafumu, aphunzitsi ndi makalabu a alimi, konzani nazale chilimwe chino, ndipo lamulo la moto ndi ziweto likhazikitsidwe mbande zisanapite kumunda.