Sukulu ikakhala bizinesi: zimene zinacitika ku CityVarsity

Inu amene mumakhala kufupi ndi malire a Kalomwe mumawadziwa mabasi a ku Joni. Amacokera ku Lilongwe, amadutsa pa Dedza, kenaka n'kutsetsereka kulowera ku Tete. Ambiri mwa acinyamata amene amakweramo akukafuna ganyu, koma si onse. Alipo ena amene amalakalaka kukaphunzira kujambula mafilimu, kukonza nyimbo mu situdiyo, kapena kucita zisudzo. Ngati pakhomo panu pali mwana wotere, uja amadzaza kope la masamu ndi zithunzi, werengani nkhaniyi mofatsa musanagulitse ng'ombe kapena matumba a mbatatesi kuti mumulipirire sukulu.

CityVarsity ndi sukulu ya zaluso ya ku South Africa. Inayamba mu 1996 mu mzinda wa Cape Town, ndipo pambuyo pake inatsegula nthambi ina ku Braamfontein, m'kati mwa Johannesburg. Inkaphunzitsa za mafilimu, zisudzo, kujambula zithunzi ndi kukonza mawu a nyimbo. Si sukulu ya boma kapena ya mpingo ayi. Mwini wake ndi kampani ya Educor, yomwenso ili ndi masukulu a Damelin, Lyceum College ndi Icesa City Campus. Kampani imakhalapo kuti ipeze phindu, ndipo apa phindulo limacokera m'thumba la wophunzira.

Mu Malici 2024 unduna woona za maphunziro apamwamba m'dzikolo unalanda masukulu anayi onsewa cilolezo. Nduna ya nthawiyo, a Blade Nzimande, inafotokoza cifukwa cake: masukuluwa sanapereke malipoti a kayendetsedwe ka ndalama a zaka za 2021 ndi 2022, komanso makalata osonyeza kuti za msonkho zili bwino. Mwina mukuti, kodi mapepala okhawo n'kutsekera sukulu? Dikirani. Ndunayo inanenanso kuti aphunzitsi ankadandaula za kusalipidwa, ndipo nthambi ya CityVarsity ya ku Braamfontein inali itatseka kale cifukwa anchito anasiya nchito atatopa kudikira malipiro. Ophunzira anangotsala manja ali m'khosi. Nthambi zina za Damelin zinatseka mwadzidzidzi cifukwa ca ngongole za lendi. Mapepala aja sanasowe cabe. Anali utsi wa moto umene unali ukuyaka kale m'kati.

Pali ciwerengero cimodzi cimene cinandiimitsa mutu. Ndunayo inati Educor inkanena kuti ili ndi ophunzira 50,000, pamene malipoti a 2022 ankasonyeza 13,096. Mwa amenewa, a CityVarsity anali 540 okha.

Taganizirani za anthu 540 amenewo. Sukulu ya zaluso ndi yodula kuiyendetsa. Ife ophunzitsa akuluakulu kuwerenga timatha kuyamba ndi bolodi, coko ndi mthunzi wa mtengo. Koma wophunzira za mafilimu amafuna kamera, magetsi, makompyuta amphamvu ndi cipinda cosalowa phokoso, ndipo zipangizozi zimakalamba msanga. Simungaunjike ana 200 pa kamera imodzi. Tsono ngati citsime cokha ca ndalama ndi fizi, imene kuno timati propina, ophunzira akacepa mwini sukulu amayamba kudula. Lendi sangaidule, mwininyumba amukhomera citseko. Amene amayamba kumva kuwawa ndi mphunzitsi: malipiro acedwa mwezi uno, acedwanso mwezi wamawa. Mphunzitsi wanjala akacoka, wophunzira amatsala ndi lisiti m'manja, kalasi mulibe munthu. Ndipo zonsezi zimacitika m'mabuku a ndalama amene kholo la ku Angónia silidzawaona n'komwe.

Zoterezi si za ku South Africa kokha. Ku America kunali gulu la masukulu a zaluso a The Art Institutes. Muzu wake unali sukulu ya mu mzinda wa Pittsburgh imene inayamba mu 1921. Kampani itaigula, inafalitsa dzinalo m'mizinda yambirimbiri. Mu 2015 kampaniyo inavomera kulipira madola 95.5 miliyoni pofuna kuthetsa milandu yokhudza njira zake zokopera ophunzira. Masukulu asanu ndi atatu amene anatsala anatsekedwa pa 30 Sepitembala 2023, ophunzira atauzidwa kutangotsala masiku owerengeka. Mu Meyi 2024 boma la America linafafaniza ngongole za sukulu zoposa madola 6 biliyoni za anthu pafupifupi 317,000, litapeza kuti ananamizidwa za mwayi wa nchito ndi malipiro. Kumeneko boma linali ndi thumba loti n'kupukutira anthu misozi. Nanga mwana wa ku Kalomwe amene wapita ku Joni ndi ndalama za ng'ombe ya agogo ake, adzamubwezera ndani?

Nkhani ya Educor sinathere pa kulandidwa cilolezo paja. Mu Ogasiti 2024 nduna yatsopano, a Nobuhle Nkabane, inabwezera masukuluwo cilolezo mongoyembekezera, ponena kuti ikumvera cifundo ophunzira amene anali pakati pa maphunziro. Ine ndikumvetsa. Boma linali pakati pa moto ndi madzi: likatseka, ana avutika lero, likalekerera, ana ena adzavutika mawa. Koma kwa ine colakwa cacikulu cinali kucedwa. Malipoti a 2021 anasowa, cigamulo n'kudzabwera mu 2024, ndipo pakati ponsepo makolo ankalipirabe. Cilolezo cingabwerere, koma miyezi imene mwana wakhala pakhomo sibwerera.

Sindikunena kuti sukulu iliyonse ya munthu payekha ndi msampha. Malo m'masukulu a boma ndi ocepa, ndipo ophunzitsa zaluso ndi ocepetsetsa. Komanso luso silikhala pa pepala pokha: osema ziboliboli a ku Mua, tsidya la Malawi, ambiri anaphunzira atakhala pambali pa mmisiri, ndipo palibe nduna ingawalande cimene cili m'manja mwawo. Koma amene walipira kuti apeze dipuloma wagula lonjezo, ndipo lonjezolo limaima pokhapokha sukulu ikaima.

Cotero musanalipire, funsani. Kuno ku Mozambique pemphani kuona alvará ya sukuluyo, ndipo fufuzani ngati maphunzirowo akudziwika ku ANEP, akakhala a nchito zamanja, kapena ku CNAQ, akakhala a ku yunivesite. Ku Malawi bungwe la NCHE limatulutsa maina a masukulu ovomerezeka, ndipo ku South Africa unduna uja umasunga kaundula wa masukulu a anthu paokha, amene amapezeka pa intaneti. Musalipire caka conse nthawi imodzi ngakhale akunyengerereni ndi kucotsera mtengo. Mwana azitenga pepala la zotsatira zake cigawo ciliconse cikatha, osadikira tsiku lomaliza, pakuti ofesi ikatsekedwa ndi loko mapepala amatsekeredwa momwemo. Ndipo akafika pasukulupo, asathere pa mlembi wa pa desiki amene akumwetulira. Apeze mphunzitsi mmodzi panja, amupatse moni, n'kumufunsa mwaulemu ngati analandira malipiro a mwezi watha.