Mlendo Woyenda ndi Kachipangizo M'manja

Kumaiko a azungu kuli masewera otchedwa geocaching, amene ambiri mwa ife sitidawaonepo, ngakhale kuti mavuto amene amadza nawo timawadziwa kuposa eni ake. Kachitidwe kake nkotere: munthu amatenga kabokosi, naikamo kabuku kolembamo maina ndi tizinthu tachabechabe, nkukabisa pansi pa mlatho, kuphanga kapena m'mphako ya mtengo. Akatero amalemba pa intaneti manambala osonyeza pamene pali kabokosiko, manambala omwe aja amene ana athu amalimbana nawo m'phunziro la mapu. Wina wosamdziwa nkomwe amalondola manambalawo ndi foni kapena kachipangizo ka GPS, napeza kabokosi, nalembamo dzina lake, nabwezera pomwepo.

Masewerawa adayamba mu May 2000, boma la America litaleka kusokoneza dala mauthenga a GPS amene anthu wamba ankalandira. Pa 3 May chaka chomwecho Dave Ulmer adabisa ndowa m'nkhalango ku Oregon, ndipo lero timabokosi totere taposa 3 miliyoni pa dziko lonse. Mwambo wawo waukulu ngwakuti wosewera asaonedwe ndi anthu osadziwa masewerawo. Ayenera kuzemba, kucheukacheuka, ndi kudikira kuti njira ikhale zii. Apa mpamene pagona nkhani yathu, pakuti kayendedwe ka munthu wosewera ndi ka munthu wa chiwembu nkamodzi.

Mu July 2011, m'tauni ya Wetherby ku England, munthu wina adaoneka akubisa kabokosi pafupi ndi malo odyera. Apolisi adatseka msewu kwa maola angapo, ndipo asilikali odziwa za mabomba adaphulitsa kabokosiko. Amalonda adadandaula kuti tsiku lawo lapita pachabe, ena adaseka apolisi, koma palibe adavulala. Taonani bwino: kumeneko mantha adagwera kabokosi. Kwathu kuno mantha amagwera munthu.

Tiyerekeze kuti mlendo wotere watsika pa doko la Kachulu, nayamba kuzungulira m'mabango ali maso pa kachipangizo, kenaka nagwada pansi pa mtengo nkukwirirapo kanthu. Mayi wochokera kukagula matemba adzati chiyani? Adzati akutsirika malo, kapena akuyeza munda wa eni, kapena ndi mmodzi wa anamapopa. Ndipo sitikunena zongopeka, chifukwa mu September 2017 mphekesera za anthu opopa magazi zidabuka ku Mulanje, nkufalikira ku Phalombe, boma limene lagundana ndi nyanja ya Chilwa chakumwera, ndiponso ku Thyolo, Chiradzulu, Nsanje mpaka Blantyre. Pofika kumapeto kwa October anthu osachepera 8 adali ataphedwa ndi magulu a anthu olusa. Mmodzi mwa iwo adali munthu wodwala khunyu amene adatenthedwa ku Blantyre. Bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo bungwe la madokotala lidadandaula kuti azachipatala akuvutitsidwa chifukwa chonyamula kachipangizo komvera kugunda kwa mtima, ndi kuti ngakhale maambulansi akuimitsidwa panjira. Ngati kachipangizo kamene mayi aliyense wa kusikelo amakadziwa kadasanduka umboni wa upandu, nanji kachilendo kolankhula ndi masatelayiti?

Ophunzira ambiri amathamangira kunena kuti zonsezi ndi umbuli. Ine sindigwirizana nawo kwenikweni. Opopa magazi kulibe, zimenezo tisazengereze kunena. Koma mantha a anthu ali ndi mizu. Akuluakulu akukumbukira kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe kuyambira 1968 mpaka 1970, pamene kudamveka manong'onong'o akuti magazi awo akutumizidwa ku South Africa. Achinyamata adaona ndi maso awo m'mene anzathu achialubino adayamba kusakidwira kuyambira kumapeto kwa 2014, ndipo boma la Machinga, limene tagawana nalo nyanja yomweyi, lidatchuka ndi nkhanza zimenezi. Manda adafukulidwa usiku. Munthu amene waona zoterozo sangaseke poona mlendo akukumba pansi mobisa. Onjezanipo nkhani ya malo: m'mudzi, kuona munthu woyeza ndi kulemba manambala nthawi zambiri kumatanthauza kuti wina ataya dimba. Nyanja ikaphwa, monga idachitira mu 1968, 1995 ndi 2018, nthaka yotsalayo imasanduka minda ya mpunga yolimbirana, ndipo diso la aliyense limakhala pa malire.

Komatu alendo a zipangizo sadzaleka kubwera ku Chilwa. Dambo lake lili m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse wa pangano la Ramsar, motero owerenga mbalame, oyeza kuya kwa madzi a Likangala ndi Domasi, ophunzira a ku yunivesite ya ku Zomba ndi azaumoyo olondola kolera pakati pa asodzi a m'zimbowera onse amayenda ndi GPS. Akale adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Tikawathamangitsa onse, katemera ndi mijigo zidzapita kwina.

Nanga apolisi adachita zotani? Mu 2017 boma lidaletsa kuyenda kuyambira 5 koloko madzulo mpaka 7 koloko m'mawa m'madera okhudzidwa, ndipo mkulu wa apolisi pa nthawiyo, a Lexten Kachama, adalengeza kuti anthu 140 amangidwa. Pulezidenti Peter Mutharika adapita yekha kukalankhula ndi anthu. Kumanga opha anzawo kudali koyenera, ndipo kudachedwa. Koma njira ya kukana ndi kuopseza yokha idayesedwa kale. Mphekesera yomweyi itabuka kumapeto kwa 2002, Pulezidenti Bakili Muluzi adaitsutsa poyera, mtolankhani wa pawailesi adamangidwa chifukwa choulutsa mawu a munthu wonena kuti adapopedwa, komabe mu January 2003 a Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cha UDF ku Blantyre, adagendedwa ndi miyala powaganizira kuti akusunga anamapopa. Vuto lake nlakuti mphekeserayo imati boma lili m'chiwembu chomwecho. Tsono wapolisi akafika nkutenga mlendo uja pa galimoto, mawa lake nkumumasula mwakachetechete popeza alibe mlandu, anthu amati taonani, si tidanena? Ntchito yabwino ya apolisi imasanduka nkhuni zosonkhezera moto. Mwina nchifukwa chake mu 2020 mphekesera idabukanso, ulendo uno m'maboma a chigawo cha pakati ndi kumpoto, ndipo anthu ena adaphedwanso.

M'maganizo anga, choyamba wapolisi apulumutse moyo wa woganiziridwayo, pakuti mlandu ungadikire koma mwala sudikira. Akatero asabise chimene wapeza. Chikwama chitsegulidwe pa bwalo la mfumu, pamaso pa omwe adakuwa aja. Kachipangizo kayatsidwe, mwana wa Fomu 3 awerenge manambala, aloze pa mapu pamene paima anthuwo. Apolisi a ku Wetherby adaphulitsa kabokosi chifukwa anthu awo amaopa bomba. Athu ayenera kutsegula kabokosi chifukwa anthu athu amaopa chinsinsi. Lamulo la Ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo lolembedwa m'Chingerezi ku Zomba zaka zoposa 100 zapitazo silinaletsepo mkuwe ngakhale umodzi.

Tikumbukirenso kutalika kwa njira. Kuchokera mumzinda wa Zomba, kumene kuli likulu la apolisi a chigawo cha kum'mawa, kukafika ku Kachulu ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30, ndipo wopita pa chilumba cha Chisi ayenera kudikira bwato. Gulu lolusa silifuna nthawi yonseyo. Amene amakhala pafupi ndi nyakwawa, a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, a komiti ya padoko ndi mphunzitsi, ndipo ameneyu ndiye kawirikawiri amamva chinenero cha mlendo. Kwa Mwambo, kwa Kuntumanje ndi kwa Mkumbira mwambo ulipo kale wakuti mlendo ayambe waonekera kwa mfumu ndi kunena chimene wadzera. Ofufuza odziwa ntchito yawo amatsata mwambowu, amanyamula kalata ya kwa DC ndi kuyenda ndi mwana wa m'mudzi momwemo. Wosewera geocaching yekha ndiye amene masewera ake amamuuza kuti asauze munthu. Ameneyo akafika ku Chilwa asankhe chimodzi: aulule kabokosi kake kwa amfumu, kapena akasiye ku hotela ku Zomba.